Harjanti ndi Dzina Lobwereka

Mukamufuna Harjanti tsiku la ntchito, kwerani masitepe a kuseri kwa shopu yomata matayala, pamsewu wokwera kuphiri la Merapi. Mukamupeza atapinda mwendo umodzi pampando, nsapato zili uko, tiyi atazizira kalekale, maso ali pa kompyuta pomwe timizere ta mawu tikutsika kamodzikamodzi. Ndi mayi wa ana awiri, wamfupi, wosachedwa kuseka koma wochedwa kuyankha. Abale ake mpaka lero sadziwa bwinobwino ntchito imene amagwira. Mayi ake akafunsidwa amangoti, "Amalondera mtsinje," ndipo wofunsayo amatsala akudabwa kuti munthu angalondere bwanji mtsinje ali m'chipinda cha pamwamba pa matayala.

Komatu mayiwo sanama. Phiri lathuli likalavula moto limatisiyira mchenga wakuda m'mitsinje yotsika m'nthiti mwake, mchenga umene omanga nyumba amachita kuulimbirana. Amuna a m'midzi yathu amatsikira m'mitsinjemo ndi mafosholo kukadzaza malole. Mdani wawo ndi mvula ya masana. Ikagwa pamwamba pa phiri, kunsi kuno dzuwa likhoza kukhala likuswa mtengo, koma madzi amabwera atanyamula matope ndi miyala, ndipo safunsa kuti lole ili panjirayi ndi ya yani. Bambo ake a Harjanti anakalambira mumchengamo. Mlongo wake wamkulu, Wagiran, adakali momwemo.

N'chifukwa chake bungwe la okumba mchenga linaika timakina kumtunda kwa mtsinje. Kalikonse kamayeza madzi n'kutumiza mzere umodzi wa mawu: dzina lake, nthawi, ndi pamene madzi afika, kenako kachizindikiro kosaoneka kotanthauza kuti mzere wathera apa. Mizereyo imafikira pa kompyuta yaikulu ya bungwe, imene a ntchitoyi amaitcha seva. Seva ikaona kuti madzi akukwera mwaukali, imatumiza chenjezo m'mafoni a amuna onse ali mumtsinje, iwo n'kuthawira pagombe. Ntchito ya Harjanti ndi kuonetsetsa kuti sevayo ikuwerenga. Koma pulogalamu yowerengayo poyamba sanailembe ndi iye. Anailemba ndi Pak Gunarto (Pak kwathu kuno ndiye kuti bambo), ndipo nkhani ya Harjanti singasimbike popanda bambo amenewa.

Atamaliza sekondale, sukulu inathera pomwepo. Anapeza ntchito m'kashopu ka intaneti mumzinda wa Yogya, masiku aja munthu unkachita kukwera basi kuti ukaone uthenga wako pa kompyuta. Ankasesa, kupukuta fumbi, ndi kuthamangitsa ana a sukulu ojomba. Makompyuta akadwala, wodzawachiza anali Pak Gunarto, munthu woonda, wa fungo la ndudu ndi waya wopsa. Iwo anayamba ndi kukonza mawailesi, za makompyuta anachita kudziphunzitsa okha imvi zitayamba kale.

Tsiku lina kompyuta ina inazima, Pak Gunarto n'kufunsa funso lawo la masiku onse. "Isanafe inalemba chiyani?"

"Inangozima, Pak," anatero mwini shopu.

Harjanti, tsache lili m'manja, anatchula mzere wonse wa Chingerezi umene unaoneka pagalasi, chilembo ndi chilembo, ngakhale sankadziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe.

Pak Gunarto anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Iwe unawerenga?"

"Ndalakwa, Pak?"

"Walakwa kwambiri. Anthu abwinobwino makina akalemba chinthu amangowamenya khofi. Lamlungu ubwere kwathu."

Kuyambira Lamlungu limenelo anamuphunzitsa pakhonde pawo, pansi pa timakola ta mbalame zawo zoimba. Ankamuitana kuti nduk, monga bambo aitanira mwana wake wamkazi. Sanali mphunzitsi wofatsa. Ankatha kumusiya ndi vuto limodzi tsiku lonse iwo ali kalikiliki kusambitsa mbalame, akabwera n'kungoti, "Kompyuta si yanzeru, nduk. Ndi wantchito womvera mopusa. Ukaituma mchere kumsika osaiuza kuti ibwerere, ikakalambira komweko." Koma bambo ake a Harjanti atamwalira, anali Pak Gunarto amene anathamanga ndi za maliro. Pamene Harjanti ankakwatiwa ndi Sukoco, telala wosoka mayunifolomu a sukulu, ndi iwo amene analankhula m'malo mwa banja. Ndipo bungwe litawapempha kuti akonze za chenjezo la mtsinje, anauza akuluakulu ake kuti, "Ndibwera ndi mwana wanga." Harjanti akakumbukira mawu amenewo, mpaka lero amayang'ana kumbali.

Pulogalamu imene Pak Gunarto analemba inali yosathamanga ngati mwini wake. Mizere yonse yochokera kumtsinje inkasungidwa mu fayilo imodzi. Pulogalamuyo ikafuna kudziwa zaposachedwa, inkatsegula fayiloyo, kuyambira mzere woyambirira, kumeza yonse mpaka pansi, ndipo ikamaliza m'pamene inkaona ngati kuli ngozi. Ikatero inkayambiranso. Pamene timakina tinali tiwiri titatu, zimenezi zinkatheka munthu asanaphethire. Koma bungwe linakula, timakina tinachuluka, tatsopanoto n'kukhala tolongolola kuposa takale. Fayilo inanenepa, pulogalamu inayamba kutsamwa, ndipo chenjezo linayamba kufika mochedwa.

Woyamba kudandaula anali Wagiran, kunyumba kwa mayi awo, akutafuna tempe yokazinga, chakudya chathu cha nyemba za soya.

"Ti, foni yanu ija dzulo inalira ife titakwera kale pagombe, tikusuta."

"Inachedwa kwambiri, Mas?" anafunsa Harjanti, pomutchula monga timaitanira mwamuna mwaulemu, kaya ndi mlongo kaya mwamuna wako.

"Madzi tinachita kuwamva ndi makutu athu. Kapena chenjezolo mumatumizira achule?"

"Ndikaona."

"Ukaone ndithu. Ine ndimathamanga, koma mumtsinje muja muli madala oti kukwera gombe amachita kupumira panjira."

Harjanti sanafunikire kukaona. Matendawo ankawadziwa, ndi mankhwala ake omwe. Pulogalamu ya mtundu uwu siyenera kudikira kuti isenze zonse nthawi imodzi. Imayenera kukhala pakamwa pa mpopi ndi kapu, osati kudikira kuti mgolo udzaze. Zilembo zikamabwera izisunge pang'ono, ikaona kachizindikiro ka kumapeto idziwe kuti mzere wakwana, iuwerenge, ichitepo kanthu, iusiye, n'kudikira wina. Yotero silemedwa, fayilo ikule bwanji. Kuilemba sikukanamutengera nthawi.

Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kwathu kuno mwana sauza wamkulu kuti walakwitsa. Timazungulira, timakhosomola, timayamba tafunsa za thanzi la mbalame, ndipo wamkulu wanzeru amamva yekha. Ndi mwambo umene watisunga osadulana makosi m'midzi yothithikana chonchi, ndipo ine sindiunyoza, koma uli ndi mano, ndipo umaluma amene amausunga kwambiri. Kwa Harjanti, kunena kuti "Pak, pulogalamu yanu yakalamba" kunali chimodzimodzi kunena kuti "Pak, mwakalamba." Ankaopa chinthu chimodzi, kuti tsiku limene adzawagwetse nkhope adzakhala wamasiye kachiwiri.

Choncho anayamba kupita m'mbali.

"Pak, ndinaona kwina akuti masiku ano ena amawerenga mzere umodziumodzi, pamene ukufika."

"Enawo ali ndi nthawi yoseweretsa, nduk. Yathuyi yatisunga zaka zonsezi."

"Inde, Pak."

Tsiku lina anayesanso. "Fayilo ija yakulatu, Pak. Ikudya bwino."

"Ndiye kuti mtsinje ukulankhula. Tizithokoza."

"Inde, Pak."

Inde wa kwathu kuno ngwa mitundumitundu, ndipo uyu anali uja wa kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Koma Pak Gunarto, munthu woti ankangomva kulira kwa wailesi n'kudziwa waya woduka, pa izi khutu linali logontha. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo mkati mwa pulogalamuyo anali atasiya kulowamo. Ankakonda kukwera kumtunda ndi njinga yawo kukapukuta timakina ndi kucheza ndi alimi.

Harjanti anapeza njira ina. M'mawa uliwonse, wina aliyense asanafike, ankatsegula fayilo ija n'kudula mizere yakale, kuisunga pena, kuti pulogalamu ipeze chakudya chochepa. Akanatha kulemba kapulogalamu kodula kokha, koma chilichonse chatsopano pa seva chimaoneka ndi dzina la wochiika, ndipo wina akanafunsa kuti n'chachiyani. Ndiye ankadula pamanja. Chenjezo linayambanso kufika msanga, ndipo palibe anadziwa chifukwa chake. Mwamuna wake yekha ndi amene ankang'ung'udza akamuona akutulutsa njinga yamoto ana asanadye.

"Ngakhale ophika ndiwo za gudeg zamalonda sathamanga chonchi. Fayilo yakoyo ndi khanda?"

"Ndibwera msanga, Mas."

"Ine ndinavomera kale kuti ndili pamitala ndi seva. Ungoipatsako moni."

Sukoco ankaseka, koma nkhaniyo sinali yoseketsa. Kuyambira pamenepo Harjanti analibenso ufulu wodwala, kapena wopita ku ukwati wa mbale kutali. Dzinja lonse moyo wa amuna a mumtsinje unali pa kudzuka kwake, ndipo iye ankadziwa kuti zimenezo si nzeru.

Ndiye mwana wake wamng'ono anadwala malungo aja obwera ndi udzudzu woluma masana. Anagonekedwa m'chipatala, Harjanti ali pambali pake, za fayilo osazikumbukira n'komwe. Masana ena mvula inagwa kuphiri. Chenjezo linafika madzi atafika kale. Palibe anafa, Mulungu ndi wamkulu, koma lole imodzi inapita ndi matope, ndipo Wagiran anatuluka akukoka mdala wina pamkono, phazi la Wagiranyo litang'ambika ndi mwala. Anthu anati makina ndi makina, nthawi zina amagona. Pak Gunarto anakwera kumtunda kukayang'ana mabatire ndi mawaya, n'kubwerako akudabwa kuti zonse zili bwino. Harjanti anawaona akukwera masitepe mwapang'onopang'ono, thalauza lili matope okhaokha, akudziimba mlandu pa chinthu chimene sankachidziwa, ndipo anatsala pang'ono kuwauza zoona. Anawapatsa tiyi.

Apa m'pamene anachita chinthu chimene munthu wa kwina sangachiganize. Analemba pulogalamu yatsopano, yowerenga mzere umodziumodzi, ndipo anailemba mosamala. Zilembo pa netiweki sizibwera mwadongosolo. Nthawi zina zimafika mzere umodzi ndi theka, theka linalo n'kubwera pambuyo, nthawi zina mizere ingapo pamodzi. Anaiphunzitsa kusunga chotsala n'kuchilumikiza ndi chobwera. Anaidyetsa mizere yonse yakale ija ankadula m'mawa, iyo n'kuimwa osatsamwa. Atakhutira, anakumbukira kuti zaka za m'mbuyomo Pak Gunarto atagonekedwa m'chipatala anamupatsa mawu awo achinsinsi olowera pa seva, ndipo sanawasinthe. Analowa ngati Pak Gunarto, n'kuika pulogalamuyo m'dzina lawo.

Maganizo ake anali oyera. Dzina lake likanaoneka pamenepo, aliyense wotsegula akanaona kuti mwana wazula ntchito ya mphunzitsi wake ndi mizu yomwe. Koma tsopano zikanaoneka kuti mdala wakonza yekha ntchito yake, ulemu n'kupita kwa mwini wake. Anapita kunyumba mtima uli m'malo, ndipo mawa lake anadya chakudya cha m'mawa ndi ana ake.

Madzi otsatira atabwera, mafoni analira kunsi kuno kusanade n'komwe. Malole onse anatuluka, amuna n'kukhala pagombe kuonerera miyala ikugubuduzika. Wagiran, akutsimphina, anabweretsa thumba la zipatso za salak ku ofesi.

"Izi ndi za Pak Gun. Amene aja ndi dokotala. Iwe Ti uziphunzirako, usamangomwa tiyi."

Pak Gunarto analandira thumbalo akuganiza kuti akuwathokozera za mabatire aja.

Mbiri inamveka. Okumba mchenga a mtsinje wina anatumiza anthu awo kuti adzaone mmene anzawo akuchitira. Mlembi wa bungwe, Mas Bramantyo, munthu wa mtima wabwino koma wopupuluma, anayala mikeka, anagula timabokosi ta zokhwasula, n'kubwereka makina oonetsera zinthu pakhoma. Iye anali atasuzumira pa seva n'kuona dzina la wokonza, ndipo anafuna kuwachitira bambowo ulemu wodzidzimutsa.

"Abale athu," anatero alendo atakhala, "ntchito mwaimvayi ndi ya bambo athu awa. Pamsinkhu wawowu akutisiya ife achinyamata tikuyasamula. Pak, tawafotokozerani alendo mmene munasinthira."

Pakhoma panaoneka pulogalamu, pamwamba pake dzina la Gunarto. Harjanti anali kumbuyo akuthira tiyi m'matambula.

Pak Gunarto anavala magalasi, n'kuyandikira khoma. Anawerenga dzina lawo. Anawerenga mizere ya pansi pake. M'chipindamo munkangomveka nyundo ya omata matayala pansi. Mlendo wina, pofuna kuthandiza, analoza chapakati n'kufunsa mwaulemu kuti chigawo icho chimagwira ntchito yanji. Pak Gunarto anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa shati, n'kumwetulira.

"Lero maso sakundimvera. Mbak Harjanti akufotokozerani, iwo akuidziwa bwino."

Mbak, ndiponso iwo, mmene munthu umatchulira mayi wosamudziwa wa pakauntala. Palibe anaseka. Kwathu kuno pa zotere sitiseka, timangoyang'ana m'matambula mwathu, ndipo n'zimene zimapweteka koposa. Aliyense m'chipindamo anaona kuti mdala waimikidwa pagulu ndi ntchito yosakhala yake, ndipo alendowo mwina anaganiza kuti anachita kudzilemba yekha pa thukuta la mwana. Harjanti anaimirira n'kufotokoza. Zimene ananena tsiku limenelo sazikumbukira.

Alendo atapita anawatsatira pamasitepe. "Pak, ndimafuna..."

"Mwafotokoza bwino kwambiri, Mbak. Alendo akhutira. Pepani, mbalame zanga sizinadye."

Mawa lake anabwera kuntchito monga mwa masiku onse. Sanakalipe, sanafunse kanthu. Anamupatsa moni waulemu wonse, uja timapatsa alendo. Mawu achinsinsi aja anawasintha. M'mawa ankakhala pa kompyuta yawo mphuno ili pafupi ndi galasi, osalankhula. Patapita masiku anayamba chizolowezi china: masana mitambo ikayamba kuda kuphiri, ankakokera mpando pakona, pafupi ndi wailesi yakale yolankhulirana ndi a mumtsinje, n'kukhala pamenepo mpaka mvula itakata. Harjanti anamva kuti akumuuza popanda mawu kuti pulogalamu yakeyo saikhulupirira. Zinamuwawa kwambiri, koma anaona kuti anaziyamba yekha.

Anakaulula zonse kwa Wagiran, amene anali pakhonde, phazi lovulala lili pampando.

"Ndimafuna kuwasungira ulemu, Mas."

"Ulemu wake umenewo? Unawaveka malaya a eni ali m'tulo, n'kuwatumiza kumsika."

"Nanga ndikanatani? Ndikanawauza kuti mwalakwitsa?"

"Ine za makompyuta sindidziwa. Ife mumtsinje mdala akaima polakwika timangomukuwira kuti choka apo, mwala uwo. Zaulemu timakambirana tili pagombe."

"Kumtsinje n'kwina."

"Eya, n'kwina. Ife timafa kamodzi, inu a m'maofesi mumafa pang'onopang'ono."

Mwezi wa Ramadani unalowa mpaka kutha zinthu zili choncho, anthu awiri m'chipinda chimodzi akupatsana ulemu wozizira. Kenako linafika tsiku la Lebaran, Idi yathu, pamene wamng'ono aliyense amapita kwa akulu ake kukapempha chikhululukiro cha chaka chonse. Harjanti anayambira kwa mayi ake, kenako anakwera njinga yamoto kupita kwa Pak Gunarto, atavala zatsopano. Akazi awo, Bu Gunarto, anamulandira ndi phokoso lawo la masiku onse, akuti waonda, asachoke asanadye ketupat, mpunga wophikira m'masamba, ndi msuzi wa nkhuku. Mdala anali pampando wawo pabalaza, atavala nsalu m'chiuno ndi kachisoti kakuda.

Harjanti anayenda ndi mawondo monga mwa mwambo, anagwira dzanja lawo ndi manja awiri, n'kutsamiritsa chipumi pabondo lawo. Mawu a tsikuli aliyense amawadziwa pamtima, ndipo ambirife timangowathamangitsa kuti tikafike ku chakudya. Iye anawanena pang'onopang'ono, kuti zolakwa zake zooneka ndi zosaoneka zikhululukidwe, kenako anawonjezera akeake.

"Ndinalowa ndi dzina lanu, Pak. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa alendo. Pulogalamu yanu inayamba kuchedwa kalekale, ine ndinkadziwa, koma ndinkaopa kukuuzani."

Pak Gunarto anayankha mawu a akulu a tsikuli, kuti nawonso ndi munthu, zolakwa za okalamba n'zambiri, zonse zifafanizidwe. Dzanja lawo linali pamutu pake. Harjanti anayembekezera kuti alichotse kuti adzuke, koma silinachoke.

"Ndaiwerenga," anatero. "Masabata onsewa, mzere ndi mzere, ndi maso anga omwewa. Poyamba inkandizunguza mutu, pano ndaimva. Ndi yabwino kuposa yanga. Mphunzitsi amafuna zomwezo, ngakhale zimawawa pomeza."

Harjanti sanadzutse mutu.

"Koma ili ndi bowo."

Apa anadzutsa.

"Pulogalamu yako imadikira kachizindikiro ka kumapeto isanawerenge mzere. Eti?"

"Inde, Pak."

"Nanga kamakina kakayamba kutumiza mzere, mwala n'kukaphwanya kali pakati? Madzi aakulu kwambiri ndi amene amathyola mlongoti. Theka la mzere lafika, mapeto ake sadzabweranso. Yakoyo ingokhala phee, kudikira, ikuganiza kuti mnzake akupuma. Yanga yopusa ija inkameza zonse, ndi zidutswa zomwe, ndipo ikaona chidutswa inkakuwa."

M'maganizo mwake Harjanti anaona mtsinje, malole ali mkati, mafoni ali chete m'matumba. Anali atayesa mizere yaitali, yaifupi, yobwera moduka, yobwera mothamanga, koma mzere woti mapeto ake sabwera mpang'ono pomwe sanauganizire. Kukonza kwake kunali kochepa, kungoiuza kuti kamakina kakati zii pakati pa mzere, chenjezo lipite. Koma kuti munthu akonze bowo ayenera kuyamba walidziwa.

"Ndiye wailesi ija, masana aliwonse..."

"Ndimati ndikaona kamakina katsamwa ndiwakuwire ndekha. Ukuganiza kuti mpando umene uja ndimaukonda? Wandithyola msana."

"Munaliona liti bowolo, Pak?"

"Kale ndithu. Ramadani isanalowe."

"Osandiuza?"

Pak Gunarto anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodziseka yekha. "Ndinafuna kulikonza mwakachetechete m'dzina lako, koma mawu ako achinsinsi ndilibe. Ndinafuna kukuuza, pakamwa panalemera. Ndinati mwanayu ali kale ndi chisoni, ndikamuuza aziti mdala akubwezera. Ndiye ndinakhala pakona paja ngati chitsiru, kusunga nkhope yako, amuna ali mumtsinje." Anapukusa mutu. "Matendawa ndi a tonse, nduk."

Kukhitchini Bu Gunarto ankaitana kuti msuzi ukuzizira.

"Tsopano tamvera. Ndakuuza pamaso, popanda kuzungulira, kuti ntchito yako ili ndi bowo loti likanatha kupha mlongo wako. Wafa?"

"Ayi, Pak."

"Wandida?"

Misozi inali itafika kale pachibwano. "Ayi, Pak."

"Nanenso sindikanafa," anatero mdalayo. "Ukanangondiuza."